Kodi buku la 1984 ndi ulosi kapena longoopseza ana?

Mayi ena andilembera imelo sabata ino. Akuti mwana wawo wa ku koleji wabwera ndi buku la George Orwell lotchedwa 1984, iwo alisuzumira pang'ono ndiye lawasowetsa mtendere, muli kuzunzana kokhakokha komanso mapeto ake ndi oipa. Akufunsa ngati ndi ulosi, ndiponso ngati n'koyenera kuti mwana aziwerenga zotere.

Mayi, si ulosi ayi. Bukuli linatuluka mu 1949, ndipo zambiri zimene zili m'menemo Orwell anali ataziona kale ndi maso. Anakamenya nawo nkhondo ku Spain cha m'ma 1937, komweko anaona anthu a Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union nthawi imeneyo, akusaka ndi kumanga anzawo omwe ankamenya nawo mbali imodzi, manyuzipepala nkumalemba zabodza ngati zoona. Ndiye iye anangotenga zimenezo nkuzikokera patsogolo kuti tione komwe zimakathera anthu akangokhala chete.

Ambiri akamakamba za bukuli amathamangira pa Big Brother, mtsogoleri wa chipani cholamula m'nkhaniyi, ndi makina omwe amakuonerera m'nyumba usana ndi usiku, ena mpaka amati ndi mafoni athuwa. Ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi ntchito ya Winston Smith, mwini nkhani m'bukuli. Munthuyu amapita kuofesi m'mawa uliwonse kukasintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zomwe chipani chanena lero, munthu akasowetsedwa dzina lake limafufutidwa paliponse ngati sanabadwe n'komwe, ndipo amene akufufutayo si msilikali wamfuti, ndi kalaliki wamba wofuna kusunga ntchito yake basi. Palinso neba wake Parsons, wokonda chipani ndi mtima wonse, amene anakaneneredwa kupolisi ndi kamwana kake kakakazi chifukwa choti analankhula zonyoza chipani ali mtulo. Ndipo bamboyo ali m'selo akunyadirabe kuti mwana anamulera bwino! Apa ndiye pamene pali chenjezo lenileni, ufulu umatha pomwe anthu a nyumba imodzi ayamba kuopana.

Kwa ife izi si zachilendo. Amene analipo nthawi ya Kamuzu, yemwe anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, akukumbukira ayufi ataima pakhomo la msika kapena pokwerera basi kufunsa khadi ya chipani. Mabuku ankadutsa kaye ku Censorship Board. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nakakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Zinatengera kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi referendamu ya 1993 kuti anthu ayambenso kulankhula mokweza, koma ana obadwa pambuyo pake ambiri amangomva ngati nthano.

Za mapeto oipawo, nzoona, Winston amazunzidwa mpaka kupereka chibwenzi chake Julia, kenako nkuyamba kumukonda Big Brother yemweyo. Orwell anachita dala. Akanati munthuyu apambane tikanatseka buku mtima uli m'malo nkumati zivute zitani ngwazi idzapezeka yotipulumutsa, pomwe iye amafuna tione kuti zikafika pamenepo kubweza kumakhala kovuta zedi, poletsa ndi koyambirira.

Ndiye musamulande mwanayo bukulo mayi. Akamaliza mukhale naye pansi mumufunse za Parsons uja, kenako inuyo mumuuze zimene munaona kapena zimene makolo anu anakumana nazo nthawi ya makhadi.