Reki ya pa thirakitala: yambani mwayeza mapini, ndipo musataye timatayala

Achimwene, mwafunsa za reki ya mamita 1.8 imene mwagula ili yophwasula, kuti muimange bwanji ndi kuikoka ndi Massey Ferguson 135 yanu poyeretsa bwalo limene amisiri asiyapo zidutswa za njerwa, miyala ndi mizu. Mwafunsanso ngati timatayala tiwiri tabwera nayo tili ndi ntchito. Tili nayo, ndipo ndi yaikulu. Koma tiyambe ndi mapini.

Thirakitala yanu imakoka zipangizo pogwira malo atatu: mikono iwiri yam'munsi ndi chitsulo chapamwamba chija amakaniko amachitcha top link. Njira imeneyi ndi ya Harry Ferguson, ndipo ili ndi masaizi ake. Ya Category 1, yomwe ndi ya mathirakitala ang'onoang'ono ngati 135, mapini am'munsi ndi a mamilimita 22, lapamwamba 19. Ya Category 2, ya mathirakitala akuluakulu ngati MF 290, am'munsi ndi 28, lapamwamba 25. Yezani mapini a reki yanu lero lomwe. Ngati tsiku lina mudzabwereka thirakitala yaikulu, pini yaing'ono m'bowo lalikulu imagwedera ndi kudya chitsulo, choncho mudzafunika mabushi otsekera mpatawo. Musalole wina akuuzeni kuti bauti wamba igwira ntchito ya pini.

Pomanga, pezani malo a simenti osatsetsereka ndipo mukhale awiri, chifukwa reki ya saizi imeneyi imalemera makilogalamu 100 kapena kuposa. Mano aja muwaike onse pa mtanda wake, manati mungowamanga ndi dzanja kaye. Mukamangiratu dzino loyamba ndi sipanala, mupeza kuti omalizira akukana kulowa kapena mzere wakhota. Onse akalowa, gonekani nsonga zake pa simentipo kuti zifanane, kenaka limbitsani kuyambira pakati kupita kumapeto. Bauti yaikulu yapakati, pamene reki imazungulira, ipakeni girisi ndi kuimanga mokwanira kuti isagwedere koma izitha kutembenuka. Mukagwira ntchito kwa ola limodzi, imani mubwereze kulimbitsa manati onse. Chitsulo chatsopano chimakhazikika, ndipo dzino limene lamasuka ndi limene limayamba kuthyoka.

Pokoleka, yambani ndi mkono wakumanzere, kenaka wakumanja, chifukwa wakumanjawo ndi umene uli ndi chopukusira chokweza kapena kutsitsa kuti bowo likumane ndi pini. Top link imakhala yomaliza. Tsekani pini iliyonse ndi kachitsekerero kake, ndipo kungani matcheni am'mbali kuti reki isamakankhike kukagunda matayala. Zonsezi muzichita injini itazima, mabuleki atamangidwa. Pakati pa thirakitala ndi chipangizo si pamalo poima munthu injini ikulira, ngakhale woyendetsa akhale wodziwa chotani.

Tsopano timatayala tija. Reki yopanda matayala imatsatira chilichonse chimene thirakitala yachita. Matayala akutsogolo akakwera kachulu, reki imazama pansi. Akalowa m'kadzenje, reki imanyamuka ndi kutaya zimene inakokolola. Mukabwerera kudutsa pomwepo, mabampu aja amangokula, ndipo bwalo limatha likuoneka ngati msewu wafumbi wa mabampu umene wakhala nthawi osapalidwa. Timatayala takumbuyo timagwira reki pa msinkhu umodzi, ndiye mano amadula pokwera ndi kusiya dothi potsika. Poyamba titcherani kuti mano azingokhudza pansi, mwina kulowa sentimita imodzi kapena ziwiri. Pa haidiroliki gwiritsani ndodo ya position control, imene imagwira chipangizo pa msinkhu umene mwaika. Ndodo inayo, ya draft, ndi yolimira ndi pulawo, imakweza ndi kutsitsa yokha malinga ndi kulimba kwa nthaka, ndipo pa reki ikusokonezani. Top link muitalikitse kapena kuifupikitsa mpaka chimango cha reki chikhale chowongoka, kenaka muzipotoza pang'onopang'ono mukuyang'ana mmene mano akugwirira.

Musanayendetse, yendani wapansi bwalo lonse. Khomani zikhomo pamene pali mapaipi a madzi, mawaya a magetsi okwiriridwa, chivundikiro cha septic tank ndi zitsa. Miyala ikuluikulu ndi zidutswa za konkire muchotse ndi wilibala. Mano a reki ndi a chitsulo cha sipuling'i, amapindika ndi kubwerera, koma chitsa cha mtengo sichigonja. Dzino likathyoka musapite nalo kwa owotcherera, moto umapha mphamvu ya sipuling'iyo ndipo lidzathyokanso pambali pa powotcherapo. Gulani mano apadera angapo kumene mwagula rekiyo akadalipo. Ndaonapo anthu akupinda zitsulo zomangira nyumba kuti zilowe m'malo, koma zimapindika kamodzi n'kukhala choncho.

Pa ntchito yeniyeni, tembenuzani reki ikhale mopendeketsa, muitseke ndi pini yake, ndipo muziyenda mozungulira kuti zinyalala zizitsetserekera mbali imodzi n'kupanga mzere. Mzerewo ukakula, wongolani reki ndi kuukokera ku mulu umodzi. Onetsetsani kuti ikapendekeka ikuphimbabe mapazi a matayala akumbuyo, apo ayi chepetsani kupendekekako. Liwiro likhale la munthu woyenda pansi, giya yotsika. Mukathamanga reki imadumpha ndipo miyala imatulukira pansi pa mano. Pomaliza mutha kuitembenuza kuti msana wa mano uyang'ane kutsogolo, ndiye siikumba, imangosalaza.

Nyengo nayo muiganizire. M'mwezi wa Okutobala nthaka imakhala gwa, mano amangokanda pamwamba ndipo fumbi limakutsekani m'maso. M'kati mwa dzinja dothi limamata pakati pa mano ndipo matayala amasiya ngalande. Nthawi yabwino ndi pamene mvula yoyamba yagwa n'kuuma pang'ono.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: mbali imene mwabzala kale kapinga musaifikitseko rekiyi. Siinapangidwire kusesa. Imazula kapinga ndi mizu yomwe, pomwe masamba opepuka ambiri amangodutsa pakati pa mano. Kumeneko reki yamanja ndi tsache ndi zimene zikuyenera. Ndipo zimene mwakokololazo musaziyatse moto zonse pamodzi. Njerwa ndi miyala zikatsekere maenje a njira yolowera, udzu ndi masamba zipite kudzenje la kompositi, mapulasitiki apatulidwe.

Ana amakonda kuthamangira thirakitala, ena kufuna kukwera pa reki kuti ilemere. Musalole ngakhale kamodzi, ndipo mukaimika makina tsitsani reki ikhale pansi musanatsike pampando. Mukamanga, tumizani chithunzi chojambulidwa cham'mbali reki itakolekedwa, tione ngati top link yakhala bwino.