Mapedulo omangirira phazi: woyamba kumene agule ati, nanga nsapato zake?

Bambo wina amene wagula kumene njinga yothamangira pa tala wanditumizira imelo, ndipo funso lake ndi ili: "Ndakhala ndikupalasa ndi mapedulo wamba amene njinga inabwera nawo. Anzanga onse ali ndi mapedulo a clipless, ndipo akuti ine ndikungotaya mphamvu pachabe. Ndikafufuza pa intaneti mutu ukungozungulira: SPD, SPD-SL, Look, Speedplay. Ndikuopanso kugwa phazi likakana kuchoka. Ndigule ati? Nanga nsapato zodula zija n'zofunikadi?"

Zikomo kwambiri bambo pondilembera. Ndiyambe ndi yankho lenileni, zifukwa zibwera pambuyo. Gulani mapedulo a Shimano SPD, aja a mabawuti awiri, olowa mbali zonse ziwiri. Ndalama zambiri muziike pa nsapato zokukwanani bwino, osati pa mapedulo. Ndikudziwa kuti ena mwa anzanuwo akuuzani kuti SPD ndi ya njinga za m'mapiri, koma ndimveni kaye.

Mapedulo omangirira phazi amenewa, amene anzanuwo akuwatcha clipless, amagwira ntchito motere: kunsi kwa nsapato mumamangako kachipangizo kotchedwa cleat, ndipo mukaponda pa pedulo kamalowa n'kumveka kuti khwa! Pamenepo phazi lagwira. Kuti lichoke, mumapotolera chidendene kunja. Kale anthu othamanga pa njinga ankalowetsa phazi m'kachitsulo kokuta zala n'kumanga ndi lamba, moti poima ankayenera kuwerama kuti amasule lambayo ndi dzanja. Kampani ya ku France ya Look, imene inkapanga zomangira nsapato za anthu otsetsereka pa chipale chofewa, inatenga nzeru yomweyo n'kuiika pa pedulo mu 1984. Chaka chotsatira, mu 1985, Bernard Hinault anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France akupalasa ndi mapedulo amenewo, ndipo m'zaka zochepa malamba aja anayamba kutha. Shimano inatulutsa SPD mu 1990 poganizira anthu amene amafunika kutsika pa njinga n'kuyenda pansi.

Tsopano za mphamvu zimene anzanu akuti mukutaya. Anthu ambiri amakhulupirira kuti phazi likamangika ndiye kuti mwendo umodzi ukamakankha pansi wina umakoka m'mwamba, mphamvu n'kuwirikiza. Sizitero ayi. Mukamapalasa mwachifatse pamalo athyathyathya, pafupifupi mphamvu yonse imachokera pa kukankha pansi, kaya phazi lamangika kaya ayi. Musayembekezere kuti tsiku loyamba muwasiya anzanu kumbuyo. Ubwino wake weniweni uli kwina. Phazi limakhala pamalo amodzi omwewo ulendo wonse, ndiye bondo limayenda njira imodzi. Mvula ikagwa phazi silitereka. Mukaimirira pa chitunda, kapena mukafuna kuthamanga mwadzidzidzi, kapena mukagwera m'kadzenje muli pa liwiro, simuchita mantha kuti phazi lidumpha n'kukumenyetsani pedulo pa msongolo. Zimenezi n'zokwanira kuti munthu agule, ndipo ine ndimawakonda kwambiri mapedulo amenewa pa zifukwa zomwezi. Koma si mankhwala a liwiro.

Mayina onse amene akukusokonezaniwo ali m'magulu awiri akuluakulu, ndipo mungawasiyanitse potembenuza nsapato n'kuwerenga mabowo. Mabowo awiri oyandikana ndi a SPD. Cleat yake ndi yachitsulo, yaying'ono, ndipo imabisala mkati mwa mphira wa kunsi kwa nsapato, choncho mumayenda ngati mwavala nsapato wamba zolimbirapo pang'ono. Mabowo atatu ndi a SPD-SL ndi Look Keo. Cleat yake ndi yapulasitiki, yotakata, ndipo imatulukira kunja. Muoneni munthu wovala zimenezi akatsika pa njinga kuti akagule madzi: zala zili m'mwamba, akuyendera zidendene, pansi pakumveka kuti kwa, kwa, kwa, ndipo akafika pa simenti yosalala kapena pa masitepe amayamba kufunafuna pogwira. Kuyenda kulikonse kumadya pulasitikiyo, ndiye ma cleat amenewa amatha msanga kusiyana ndi achitsulo aja.

Koma chimene chimandichititsa kunena kuti muyambe ndi SPD si kuyenda pansi kokha. Ndi zimene zimachitika pa maloboti. Pedulo ya mabawuti atatu imalowa mbali imodzi yokha. Getsi lobiriwira likayaka, mumanyamuka ndi phazi limodzi, kenako mumayenera kuitembenuza pedulo inayo ndi nsonga ya nsapato, kukola kutsogolo kwa cleat, n'kuponda. Mukaphonya, kunsi kosalala kwa nsapato kumatereka pa pedulo, maso amapita pansi, pamene magalimoto ali kumbuyo kwanu. Wozolowera amachita zimenezi osayang'ana n'komwe, koma inu muli kale ndi zambiri zoti muziganizire pa njinga yatsopano. Pedulo ya SPD ngati PD-M520 imalowa mbali zonse ziwiri: mungoponda basi. Ngakhale mutaphonya, mphira wa kunsi kwa nsapato umagwirabe pedulo n'kukulolani kupalasa kangapo mpaka mutadutsa mphambano. PD-M520 ndi yotsika mtengo m'gulu lake komanso yokhalitsa zedi. Ngati njinga yomweyo mumafuna kukwera nthawi zina ndi nsapato wamba, yang'anani PD-EH500, imene mbali ina ndi yathyathyathya ndipo mbali inayo ndi ya SPD.

Pa mantha anu akugwa, pali kanthu kakang'ono kamene ogulitsa ambiri satchula. Ma cleat a SPD alipo amitundu iwiri. SH51 imachoka pokhapokha mukapotolera chidendene cham'mbali. SH56 imachokanso mukakokera chidendene cham'mwamba mopendekeka, komwe ndi kumene phazi la munthu wodzidzimuka limalowera lokha. Kwa munthu wamantha SH56 ndi yabwino kuyamba nayo. Mukadzayamba kukoka mwamphamvu pa zitunda mudzasinthe n'kuika SH51, chifukwa ina ija ikhoza kumasuka pamene simukufuna.

Kodi ndiye kuti za mabawuti atatu n'zachabe? Ayi ndithu. Pedulo yake ndi yotakata, phazi limakhazikika bwino, ndipo nsapato zake zimakhala zopepuka. Ngati mtima wanu uli pa mipikisano ndipo simutsikatsika m'njira, yambani nazo, palibe cholakwika. Shimano ili ndi PD-RS500 imene sipuling'i yake ndi yofewa dala kuti oyamba kumene asavutike. Chimene muyenera kusamala ndi mtundu wa cleat, chifukwa mitunduyo si yokongoletsa chabe. Imasonyeza kuchuluka kwa mpata umene phazi limasewera uku ndi uku lisanamasuke, umene okwera njinga amautcha float. Ku Shimano, yachikasu imapereka madigiri 6, yabuluu madigiri 2, yofiira 0. Ku Look Keo, yofiira imapereka madigiri 9, yotuwa 4.5, yakuda 0. Taonani msampha pamenepo: yofiira ya Look ndiyo yomasuka kwambiri pamene yofiira ya Shimano simasewera n'komwe. Inu tengani yachikasu ya Shimano, kapena yotuwa kaya yofiira ya Look. Ya 0 isiyeni, chifukwa mukaimanga mokhota pang'ono chabe, bondo ndilo limalipira. Dziwaninso kuti ngakhale zimaoneka zofanana, cleat ya Shimano ndi pedulo ya Look sizigwirizana. Speedplay, imene tsopano ili m'manja mwa kampani ya Wahoo, imalowa mbali zonse ndipo ili ndi anthu oikonda, koma ndi yodula ndipo cleat yake imadana ndi dothi. Imeneyo mudzaiganizire m'tsogolo.

Tibwere ku nsapato, kumene ndikufuna muikeko mtima kwambiri. Pedulo yotchipa ndi yodula zimasiyana makamaka pa kulemera, ndipo simudzamva kusiyanako. Nsapato yosakwana mudzaimva pa kilomita iliyonse. Nsapato za njinga sizitambasuka ngati nsapato zachikopa zovala kuntchito, ndiye musamvere wogulitsa akamati "zidzafewa mukamazivala". Ikathina m'sitolo, idzathina koposa pamsewu, chifukwa mapazi amatupa mukapalasa nthawi yaitali, makamaka kukatentha. Kayeseni madzulo mapazi atatupako kale, mutavala masokosi amene mumapalasira. Muimirire, mukwere pa zala. Chidendene chisavuke. Kutsogolo zala zikhale ndi kampata kosewera, zisagunde kumapeto. Kenako mvetserani m'mbali, pamene phazi latakata kwambiri, pa fupa la chala chachikulu ndi la kachala kakang'ono. Anthu ambiri amene amadandaula kuti zala zikuchita dzanzi kapena kunsi kwa phazi kukuotcha, vuto lawo limakhala pamenepa: nsapato ndi yayitali mokwanira koma ndi yopapatiza. Akaona choncho amagula saizi yokulirapo, ndipo cleat imapezeka ili kutsogolo kwambiri. Njira yabwino ndi kufunsa nsapato zopangidwira mapazi otakata. Shimano, Lake ndi Sidi onse amapanga zoterozo. Saizi 43 ya kampani ina si 43 ya kampani inzake, ndiye ngati mukuitanitsa pa intaneti, pondani pa pepala, jambulani phazi, yezani mamilimita m'litali ndi m'lifupi, ndipo gulani kumene amalola kubweza.

Kunsi kwa nsapato kumakhala kwa nayiloni kapena kwa carbon. Carbon ndi youma kwambiri ndipo ndi imene imakweza mtengo. Kwa inu nayiloni ndi yokwanira, ndipo kufewa kwake pang'ono kumathandiza phazi lomwe silinazolowere. Zomangira zake, kaya ndi zingwe, kaya zomata, kaya kagudumu ka BOA, zonse zimagwira ntchito. BOA ubwino wake ndi woti mukhoza kumasulako pang'ono muli pa njinga phazi likayamba kutupa. Zingwe zimagawa bwino kuthina kwake, koma muzizibisa kuti zisakodwe m'tcheni. Ngati mwasankha SPD, funsani nsapato za gravel kapena za cross-country, zimene ndi zopalasira m'misewu ya dothi ndi m'mapiri. Zambiri zimaoneka ngati za pa tala ndithu, moti anzanu sadzazindikira mpaka ataona kuti inu mukuyenda bwinobwino. Zilipo nsapato zina za pa tala zokhala ndi mabowo a mitundu yonse iwiri, koma cleat ya SPD pa nsapato zotero imakhala poyera, ndiye ubwino woyenda uja umatayika.

Pomanga cleat, valani nsapato, papasani fupa la m'munsi mwa chala chachikulu ndi la kachala kakang'ono, n'kuika chizindikiro kunja kwa nsapato. Pakati pa cleat pakhale pakati pa zizindikiro ziwirizo. Mukakayika, ibwezereni kumbuyo pang'ono osati kutsogolo, chifukwa cleat yakutsogolo kwambiri imatopetsa katumba ndipo imapanikiza zala. Kenako khalani pa tebulo miyendo ili lendelende muone kumene mapazi anu amaloza okha. Ena amaloza kunja, ena mkati, ndipo nthawi zina phazi lamanja limasiyana ndi lamanzere. Cleat itsatire phazi lanu, musalikakamize phazi kuti liwongoke. Pakani girisi pang'ono pa mabawuti, mangani bwino, ndipo mukapalasa maulendo oyambirira muwayang'anenso. Bawuti imodzi ya SPD ikagwa, nsapato imangozungulira pa pedulo osachoka, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amagwadi. Bondo likayamba kupweteka, musalimbe mtima. Imani, sunthani cleat, ndipo likapitirira pitani kwa katswiri woyeza munthu pa njinga.

Pomanga mapedulo kumbukirani kuti ali ndi zilembo L ndi R, ndipo yakumanzere imamangidwa mozungulira chobwerera. Muziyamba ndi zala, osati sipanala, kuti musaononge mazinga. Mukatha muonenso kutalika kwa chishalo, chifukwa nsapato ndi pedulo zatsopano zimasintha mtunda wa phazi ndi mamilimita angapo. Pa pedulo iliyonse pali kabawuti kolembedwa + ndi -. Kazungulizeni kupita ku - mpaka sipuling'i ifewe, ndipo pa SPD muchite zimenezi mbali zonse ziwiri za pedulo iliyonse. Anthu ambiri amafewetsa mbali imodzi n'kuiwala inayo, kenako n'kumadabwa kuti phazi nthawi zina likuchoka mosavuta, nthawi zina likukana.

Za kugwa sindikunamizani: ambiri amagwako, ndipo kawirikawiri amagwa njinga itaima kale. Koma mukhoza kuzichepetsa kwambiri. Tsamirani khoma muli pa njinga, mulowetse ndi kuchotsa phazi lililonse kambirimbiri mpaka mwendo uzichita wokha. Kenako pitani pabwalo la udzu kapena pamalo opanda magalimoto. Sankhani phazi limodzi loti nthawi zonse ndilo liziyamba kutsika, ndipo muzilichotsa mukadali patali ndi poimapo, musanagwire mabuleki omaliza. Mukaima, pendekerani njinga mbali ya phazi lomasukalo, chifukwa kugwa kwambiri kumachitika munthu atachotsa lamanzere koma thupi n'kupendekera kumanja. Tsitsani giya musanaime kuti ponyamuka pakhale popepuka. Malo oopsa kwambiri ndi pa chitunda chachikulu pamene liwiro latha ndipo miyendo yalema, ndiye masabata oyambirira sankhani misewu yosakwera kwambiri, ndipo mukaona kuti chitunda chikukukanikani, chotsani phazi mukadali ndi kaliwiro.

Ngati pakadali pano simunazolowere kusintha magiya, kuyang'ana kumbuyo kapena kupereka chizindikiro ndi dzanja limodzi, palibe chokuthamangitsani. Palasani ndi mapedulo wamba mwezi wina kapena iwiri, ndipo nthawi imeneyo muigwiritse ntchito poyesa nsapato zosiyanasiyana mpaka mupeze yokukwanani. Mukagula, ndilembereninso mundiuze mmene maondo akumvera, makamaka mukabwera ku ulendo wautali.