Topakidwa mafuta kapena tokutidwa?

Funso: Ndikulemba za lipid-coated gel nanoparticles. Ndalemba kuti “tinthu tating'ono topakidwa mafuta tonyamula mankhwala ndi majini.” Kodi pali cholakwika?

Yankho: Pa mgwirizano wa mawu mwakhoza: tinthu tating'ono tonyamula, kakakhala kamodzi kanthu kakang'ono konyamula. Koma mchenga nawonso ndi waung'ono, choncho tchulani muyeso. Tambiri timakhala pakati pa mananomita 20 ndi 200, pomwe tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi pafupifupi mananomita 80,000.

Mawu amene sindikuwavomereza ndi “topakidwa.” Chopaka chimangokhala pamwamba, monga mafuta odzola, ndipo sichitsekera kanthu. Pano lipid, mafuta a mtundu wapadera, amapanga kakhungu kenikeni ka magawo awiri, kofanana ndi ka selo: mitu ya lipid yokonda madzi imaloza kunja ndi m'kati, michira yothawa madzi imabisala pakati. M'kati mwa kakhunguko ndimo muli jelo, ulusi wa polima (mamolekyu aataliatali) wolukanalukana umene umamwa madzi ngati chinkhupule n'kusunga mankhwala. Jelo wosakutidwa kawirikawiri amakhuthula mankhwala ambiri m'maola oyambirira, ndiye amachuluka m'magazi nthawi imodzi kenako n'kuperewera. Kakhungu kaja kamawatchinga kuti azituluka pang'onopang'ono. Kakakuta mosakwanira, mankhwala amathawira pamipata, tinthuto n'kumamatirirana. Mneni wa ntchito imeneyi ndi kukuta. Lembani “tokutidwa.”

Mawu akuti mafuta paokha amutengera wowerenga ku botolo la mafuta ophikira. Koyamba lembani “lipid, mtundu wa mafuta opanga khungu la selo,” kenako lipid basi. Musasakanizenso tinthuti ndi liposome, timatumba ta lipid tokhala ndi madzi m'kati, monga Doxil, mankhwala a khansa amene anavomerezedwa ku America mu 1995; m'kati mwa liposome mulibe ulusi wa polima uja.

Pa “majini” ndipo ndikukupemphani kusamala kwambiri. Kwa anthu ambiri kuno majini ndi mizimu imene imagwira munthu, ndipo chiganizo chonena za kubaya majini m'thupi chingamuopseze wodwala. Tinaona mmene mphekesera zinavutira pa katemera wa Covid-19. Lembani “majini a m'selo,” kapena tchulani katundu weniweni amene wanyamulidwa: DNA, imene iyenera kukafika mpaka mu nyukiliyasi, kachipinda ka m'kati mwa selo kosunga majini ake, kapena mRNA ndi siRNA, mitundu ya RNA yomwe ndi m'bale wake wa DNA, zimene zimagwira ntchito kunja kwa nyukiliyasi.