Kasamalidwe ka wigi ya ulusi yovala tsiku ndi tsiku

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene wigi yanu yayamba kupiringizana m'khosi musanaivale ndi mwezi womwe, komanso ngati kuipaka mafuta kungaifewetse. Mafutawo musapake. Wigi zamtunduwu zimapangidwa ndi ulusi wapulasitiki, monga wa Kanekalon wochokera ku kampani ya Kaneka ya ku Japan, ndipo ulusi wotere sumwa mafuta monga limachitira tsitsi la munthu. Vaselini amangomata pamwamba n'kumakoka fumbi lonse la mumsewu, mapeto ake wigi imalemera ndi kuyamba kununkha.

Kupiringizanako kumabwera chifukwa ulusi wa kumbuyo umakhalira kukhulana ndi kolala ya bulauzi, mpando wa minibasi ndiponso thukuta, mpaka nsonga zake zimakakala. Pachifukwa chimenechi, ndikukulangizani ndi mtima wonse kuti ya kuntchito mugule yaifupi yosafika m'mapewa, ndipo yaitaliyo muzisungira ukwati kapena tchalitchi.

Chimene chimaononga wigi mofulumira kuposa zonse ndi kutentha. Mukaweramira pambaula kapena kuvundukula mphika wa nsima muli chivalire wigi, ulusi wa pamphumi umakhwinyata, ndipo ukatero subwereranso mwakale ngakhale muupese bwanji. Mukafika pakhomo ivuleni, mumange duku, kenako muyambe zophika. Chitsulo chowongolera tsitsi ndi draya yotentha nazonso musayerekeze, pokhapokha ngati papaketi palembedwa kuti ulusiwo umapirira moto.

Ngati mumaivala tsiku lililonse, kuichapa kamodzi pa milungu iwiri n'kokwanira. Yambani mwaipesa ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera pang'onopang'ono. Kenako iviikeni kwa mphindi 5 m'beseni la madzi ozizira momwe mwathiramo shampu pang'ono, osaitikita kapena kuifinya ngati chitenje. Mukaitsukuluza, madzi omaliza mungathiremo Sta-soft pang'ono kuti ulusi uterere. Ipsinjeni mofatsa ndi thaulo, muiveke pabotolo lalikulu pamthunzi, ndipo musaipese isanaume, chifukwa ulusi wonyowa umatanuka n'kutaya mapindidwe ake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsitsi lanu lenileni, limene ambiri amaliiwala likangobisika. Lilukeni mizere yosakoka kwambiri, muvale kachipewa kopyapyala ka mkati, ndipo usiku muzivula zonse kuti khungu la kumutu lipitidwe mphepo, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala. Guluu ndi tizipeso ta m'mphepete mwa wigi zikamagwira malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, tsitsi la pamphumi limathothoka, ndipo nthawi zina silimeranso.

Yomwe muli nayoyo musaitaye msanga. Pitani nayo kusaluni akadule nsonga zokakalazo, ifupike n'kukhala ya kuntchito.