Makilipu a chitsulo ogwira mawaya: mugule ati, muwakhome bwanji

Achimwene, mwafunsa ngati wamagetsi wanu akunena zoona kuti mawaya oyenda pamwamba pa khoma ndi kunsi kwa siling'i agwidwe ndi makilipu a chitsulo, kapena akungofuna kukwezerapo mtengo poti tonse tinazolowera a pulasitiki oyera aja. Akunena zoona ndithu, musamukayikire pamenepo. Kungoti zitsulo zimasiyana, ndipo kilipu yabwino ikakhomedwa molakwika imagwabe, ndiye musanapite kukagula mvetsani kaye ntchito yake.

Kilipu ya chitsulo siletsa moto kuyamba. Moto wa magetsi umayamba chifukwa cha mawaya olumikizidwa molobodoka, waya wochepa mphamvu wosenzetsedwa katundu wambiri, kapena breaker (chozimitsa magetsi chokha akachuluka) yaikulu kuposa waya wake. Zimenezo kilipu sizikuikhudza. Ntchito yake imaoneka moto utabuka kale. Pulasitiki wa PVC amayamba kufewa kutentha kukangofika madigiri pafupifupi 80, nayiloni wa timalamba tomangira mawaya tija amasungunuka cha m'ma 260, pomwe chipinda chikagwira moto chonse, mpweya wa kudenga umapitirira madigiri 600 ndipo ungathe kuyandikira 1,000. Kutentha kumayamba kudzaza kumwamba, komwe kuli mawayawo. Makilipu a pulasitiki amataya waya m'mphindi zoyambirira zomwe, waya n'kulendewera pakhomo kapena m'kolido. Pulasitiki wokuta waya amapsa, koma kopa wa mkati sasungunuka mpaka madigiri 1,085, ndiye amatsala ali lende ngati msampha wa khwekhwe. Muli utsi wakuda bii, munthu akukwawa kufunafuna chitseko, wayayo amamukola m'khosi kapena m'miyendo, ndipo sungamudule ndi manja.

Izi zinachitikadi. Ku England, ozimitsa moto awiri anafa m'nyumba yosanja ya Harrow Court ku Stevenage mu 2005, ndipo ena awiri anafa ku Shirley Towers mumzinda wa Southampton mu 2010. Pa ngozi zonse ziwiri ofufuza anapeza kuti mawaya amene anagwa pulasitiki wowagwira atasungunuka anakola anthu opulumutsawo. Kuchokera pamenepo malamulo a mawaya a ku UK, otchedwa BS 7671, anasintha. Mu 2015 analamula kuti mawaya a m'njira zothawira moto azigwidwa ndi zinthu zosagwa msanga, ndipo buku la mu 2018 linafutukula lamulolo, pa ndime 521.10.202, kuti likhudze nyumba yonse. Limanena mosabisa kuti pulasitiki payekha asakhale chogwira waya, ndipo limatchula chitsulo cha steel ndi kopa ngati zoyenera. Lamuloli ndi la kwawo, inu tsatirani malamulo a komwe muli, koma moto suwerenga buku la dziko lililonse.

Tsopano pogula. Funsani kuti kilipuyo ndi ya chitsulo chanji, osangomva zoti "ndi ya chitsulo" basi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, zinki pa 420, ndipo moto wa m'chipinda umafika pamenepo mosavuta. Steel amafuna kupitirira 1,300. Tengani maginito: steel wamba ndi wokutidwa zinki uja amakoka, aluminiyamu sakoka komanso amapepuka m'manja. Chenjerani pang'ono apa, chifukwa stainless (steel wosachita dzimbiri msanga) wabwino wa mitundu yotchedwa 304 ndi 316 nthawi zambiri sakoka maginito, kopanso sakoka, ndiye pa amenewo muziwerenga zolembedwa pa paketi. Ndipo musanamizidwe ndi kilipu ya msomali ija. Msomaliwo ndi wachitsulo, inde, koma chimene chikukumbatira waya ndi pulasitiki. Moto ukabwera msomali umatsala wokhawokha m'khoma.

Pa malo, m'nyumba mouma steel wokutidwa zinki akukwanira. Panja, kubafa, kapena pomwe pali mpweya wa mchere, tengani stainless, makamaka 316, apo ayi dzimbiri lidzakudyerani kilipu moto usanaganize n'komwe zobwera. Kukula kwake kugwirizane ndi waya: waya wophwatalala ali ndi makilipu ake, wobulungira ali ndi ake. Yothina imaluma chikopa cha waya, yotakasuka imamusiya azigwedezeka n'kumakhulika pa chitsulo. Pitirizani chala m'mphepete mwake. Ngati ikukanda inu, ikandanso waya. Makilipu okutidwa utoto wokhuthala kapena kachikopa kofewa ndi abwino pa chifukwa chimenechi, bola mkati mwake mukhale chitsulo chenicheni chozungulira waya yense.

Pomwe amisiri ambiri amagwa m'mbuna ndi pa chokhomera. Munthu wagula kilipu ya steel yabwinobwino, kenako waboola konkire, walowetsa kapulagi ka pulasitiki, wamanga sikuluwu. Pa khoma, kulemera kwa waya kumakokera sikuluwu cham'mbali, ndiye ingathe kukhalabe m'bowo ngakhale pulagi itafewa. Koma kunsi kwa siling'i ya konkire kulemera kumakokera pansi, molunjika momwe sikuluwu inalowera, ndiye pulagi ikafewa zonse zimasolotoka. Kumwambako ine sindingalole pulagi ya pulasitiki. Alipo masikuluwu oluma okha m'konkire kapena m'njerwa, aliponso mapulagi a chitsulo. Makilipu omata ndi guluu musawaganizire n'komwe.

Nanga trunking ya pulasitiki, kangalande ka chivundikiro kobisamo mawaya pa khoma, imene mwina mwaika kale? Musaizule. Alipo makilipu a steel opangidwira kukhala mkati mwa trunking: mumawakhoma kudutsa msana wa trunking mpaka m'khoma, n'kupinda timanja take pamwamba pa mawaya, kenako n'kutseka chivundikiro. Kunja kumaoneka bwino monga kale, mkati muli chitsulo. Paipi ya pulasitiki nayo muigwire ndi masadulo a chitsulo, tizitsulo topinda tokumbatira paipi. Mawaya okwiriridwa m'pulasitala, kapena oyenda m'paipi ya steel kapena pamwamba pa thireyi ya steel, alibe vuto limeneli. Okhawo omangidwa kunsi kwa thireyi ndi timalamba ta nayiloni ndiwo afunika timalamba ta stainless.

Za mipata, buku la amisiri la IET, bungwe la akatswiri a zamagetsi ku UK, limati waya wamba wosapitirira mamilimita 9 m'lifupi agwidwe pa mamilimita 250 aliwonse poyenda chopingasa, ndi 400 pokwera kapena kutsika. Wa pakati pa 9 ndi 15 ndi 300 chopingasa, 400 chokwera. Ena amasakaniza, pulasitiki awiri chitsulo chimodzi, kuti apulumutse ndalama. N'zotheka, koma dzifunseni: a pulasitiki onse atachoka, waya angagwe mpaka pati? Ngati angafike pamutu pa munthu, chitsulo chachepa. Pamwamba pa zitseko, m'kolido ndi pa masitepe ikani chitsulo chokhachokha, ndipo kilipu ikhale mbali zonse ziwiri za khomo ndi pafupi ndi pokhota paliponse. Musaiwale mawaya a intaneti, a makamera ndi a TV. Oika zimenezi amabwera wamagetsi atapita kale, amamata ndi chilichonse chimene chili m'thumba, koma waya wawo amakola munthu chimodzimodzi.

Pali ziwiri zina zoti mumuuze wamagetsi wanu, ngakhale mwina akuzidziwa. Ngati mukuika alamu ya moto, waya wake wosapsa msanga amayesedwa pa madigiri oposa 800 kwa mphindi 30 kapena kupitirira, ndiye kilipu yake iyenera kupirira chimodzimodzi. Gulani imene wopanga wayayo wavomereza. Chinanso, waya wamkulu wa chingwe chimodzi wonyamula magetsi a AC asazunguliridwe payekha ndi steel wokoka maginito, chifukwa chitsulocho chimatentha chokha ndi mphamvu ya magetsiyo. Mawaya onse a seketi imodzi, live ndi neutral yake, adutse limodzi, kapena mugwiritse ntchito zogwirira zosakoka maginito. Waya wamba wa m'nyumba, amene live ndi neutral ali m'chikopa chimodzi, alibe nkhawa imeneyi.

Ntchito isanayambe, muuzeni akuonetseni paketi ya makilipu pamodzi ndi masikuluwu ake, ndipo mukhalepo pomwe akukhoma oyamba kunsi kwa siling'i.