Gemu ikukupatsani nseru? Laputopuyo musaibweze kaye amwene

Imelo ya lero yachokera kwa mnyamata wina wa ku Area 25. Akuti anagula laputopu yakaunjika m'tauni, waikamo magemu angapo, koma akangosewera kanthawi pang'ono mutu umayamba kuwawa, nseru ndiye osanena, ndipo akatembenuza kamera chilichonse chimaoneka mwachimbuuzi. Akufunsa kuti vuto ndi laputopu kapena maso ake, komanso bwanji magemu ena sakulola kuzimitsa zimenezi.

Amwene, chimbuuzi chimenecho anachita kuikamo dala opanga gemuwo. Dzina lake ndi motion blur. Kamera yeniyeni ikamajambula chinthu chothamanga chithunzi chimakokeka, ndiye opanga magemu amakopera zomwezo kuti zizioneka ngati filimu, komanso gemu ikamayenda pa 30 fps, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, blur imabisa kudumphadumpha kwa zithunzi. Ili ndi anzake. Chromatic aberration ndi timizere tofiira ndi tabuluu tija mumationa m'mbali mwa zinthu makamaka kumakona a sikirini, chomwe pa kamera yeniyeni ndi chilema cha lenzi, anthu amagula malenzi odula kuti achithawe koma mu gemu akuchita kuchiwonjezera, ine zimandiseketsa. Film grain ndi timadontho tonga mchenga, depth of field imabisa zakutali, vignette imadetsa makona. Zonsezi lowani mu settings, pa Graphics kapena Display, zimitsani. Mu Call of Duty blur ili pawiri, World Motion Blur ndi Weapon Motion Blur, musaiwale inayo.

Koma nseru siichokera ku blur yokha. Maso akuuza ubongo kuti mukuthamanga, mkati mwa khutu momwe thupi limamvera ngati likuyenda mukunena kuti mwakhala phee pampando, ubongo wasokonezeka. Ndi zija zimachitika mukamawerenga WhatsApp mu minibasi yochokera ku 25 kupita ku depoti, kungoti apa zatembenuzika. Ndiye chachikulu kwambiri ndi FOV, kukula kwa dera lomwe mukuona pa sikirini. Magemu ambiri anawakonzera munthu wokhala patali ndi TV, FOV yake imakhala yopapatiza, pomwe inu laputopu ili pamphuno. Ikwezeni ifike 90 kapena 100, muona kusintha. Camera shake ndi head bob, kugwedezeka kwa kamera munthu wanu akamayenda, tsitsani mpaka ziro. Ndipo musamasewere mumdima wa bii, yatsani getsi kapena tsegulani katani.

Chimodzi chokha musanamizidwe, kuzimitsa blur ndi grain sikukupatsani fps yambiri, zimenezi ndi zopepuka. Zomwe zimadya makina ndi resolution (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi pa sikirini), mithunzi, ambient occlusion (timithunzi ta m'makona ndi pomwe zinthu zakhudzana) ndi chifunga chija amati volumetric. Mithunzi ikani pa Low, resolution tsitsani ku 720p ngati laputopu ilibe graphics card, kachipangizo kapadera koyendetsa zithunzi. Kukatentha ngati mu Okutobala muno mu Lilongwe laputopu imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye osaiika pa bulangeti, mpweya uzidutsa kunsi. 30 fps yokhazikika ndi yabwino kumutu kuposa yomangolumpha pakati pa 25 ndi 60.

Tsopano funso lanu lachiwiri lija. Opanga magemu ena amati ndi luso lawo, akufuna muone gemu momwe iwo anaiganizira. Bloodborne ya 2015 pa PS4 ili ndi chromatic aberration yambiri ndipo palibe poizimitsira, anthu akhala akudandaula mpaka lero. Ine mfundo imeneyo sindiivomereza. Pangani gemu ibwere zonse zili zoyatsa, palibe vuto, koma munthu yemwe walipira ndalama zake ndipo akumva nseru mumusiyire kabatani. Si zosatheka ayi, The Last of Us Part II ya 2020 inabwera ndi ma settings opitirira 60 othandiza anthu osiyanasiyana, muli gawo la nseru lomwe, mumachepetsa kugwedezeka kwa kamera, blur, kusintha FOV, ngakhale kuika kadontho pakati pa sikirini koti maso azikhazikikapo. Ndipo nthawi zina nkhani yake imakhala ya moyo. Cyberpunk 2077 ikutuluka mu Disembala 2020, mtolankhani wa Game Informer, Liana Ruppert, anagwidwa khunyu chifukwa cha kuphethira kwa magetsi mu gawo lina la gemuyo lotchedwa braindance, kampani yomwe inaipanga, CD Projekt Red, inachita kusintha gawolo ndi patch, update yokonza gemu.

Pomwe ndimawamvetsa ndi pa magemu opikisana. Ngati kutsitsa settings kukuchotsa udzu kapena utsi, ndiye kuti yemwe wabisala mu udzu akuoneka poyera kwa mnzake, kumeneko ndi kubera. Zoterozo azitseke ndithu. Koma film grain imapatsa ndani mwayi?

Ngati gemu yanu ilibe mabatani amenewa ndipo anaipanga ndi Unreal Engine, pulogalamu yopangira magemu, njira ina ilipo. Pitani ku foda ya AppData, yomwe imakhala yobisika mu foda ya dzina lanu pa Windows, kenako Local, foda ya dzina la gemuyo, Saved, Config, kenako foda ya Windows kapena WindowsNoEditor, mupeza fayilo yotchedwa Engine.ini. Ikopereni kaye pena kuti zikavuta mubwezeretse. Itseguleni ndi Notepad, pansi penipeni lembani mutu woti SystemSettings m'mabulaketi amakona aja, ndiye m'munsi mwake r.MotionBlurQuality=0, mzere wina r.SceneColorFringeQuality=0, wina r.DepthOfFieldQuality=0, sevani. Magemu ena amaifufuta mukangowatsegula, mukaona choncho ikani fayiloyo pa Read-only. Izi ndi za magemu osewera nokha, a pa intaneti osakhudza mafayilo, akhoza kukubanani akaunti. Mukapanga zonsezi mutu n'kumawawabe ngakhale mukuonera TV wamba, pamenepo pitani mukapimitse maso.