Mmene mungadziwire ngati tchaja yopanda waya yaizindikira foni yanu

Achimwene amene munagula tchaja yopanda waya ku Old Town, mwanena kuti mukaikapo foni kanyali ka pa kambale kake, koikapo foniko, kamathwanima, koma m'mawa mumapeza batire lili pomwe munalisiya. Langizo langa ndi lakuti musamadalire kanyaliko, muziona zimene foni yeniyeniyo ikusonyeza, chifukwa kampani iliyonse ili ndi mitundu yake ya nyali, ndipo pa matchaja ambiri kuthwanima kumatanthauza kuti pali vuto.

Matchaja ambiri otere amatsata muyezo wotchedwa Qi, umene bungwe la Wireless Power Consortium linatulutsa m'chaka cha 2010. M'kati mwa kambale muli waya wa kopa wokulungidwa ngati nkhata, ndipo kumsana kwa foni kuyenera kukhalanso waya wotero. Pakakhala popanda kanthu, kambale kamangotumiza timphamvu tochepa pafupipafupi kuti kamve ngati pamwamba paikidwa chinthu. Kakamva, kamawonjezera mphamvu yokwanira kudzutsa mbali yolandira ya foni, ndipo foniyo iyenera kuyankha, kudzitchula ndi kunena mphamvu imene ikufuna. Mauthengawa amapitirira nthawi yonse yotchaja, moti akangosiya kufika kambale kamadula mphamvu. N'chifukwa chake kambale kangathe kumva kuti pali chinthu, kanyali n'kuyaka, koma magetsi osalowa m'batire.

Yambani mwatsimikizira kuti foni yanu ili ndi waya wolandirawo, pakuti mafoni ambiri a mtengo wotsika alibe. Apple inayamba kuuika mu iPhone 8 m'chaka cha 2017, ndipo Samsung inauika mu Galaxy S6 m'chaka cha 2015, komabe mafoni ambiri a Galaxy A alibe. Ngati ulimo, vulani kava, ikani foni chagada pakatikati pa kambale, ndipo m'masekondi ochepa muyenera kuona kachizindikiro ka mphezi pa batire. Chikapanda kuoneka, isuntheni pang'onopang'ono, chifukwa mawaya awiriwo amafunika kuyang'anizana komanso kuyandikana pa mamilimita ochepa chabe. Chikaoneka, lembani peresenti imene batire lili, mudzaonenso pakatha mphindi 20 foni isanakhudzidwe.

Mbali imene ndikuikayikira kwambiri ndi kava. Ambiri amene amayendetsa galimoto mu Lilongwe muno amamata kachitsulo kopyapyala kuseri kwa foni kuti izigwira pa maginito a m'galimoto, ena amabisa khadi la ATM kapena ndalama yachitsulo ya K10 m'kava momwemo. Chitsulo chikakhala pakati chimamwa mphamvu n'kutentha, choncho tchaja yabwino imayerekeza mphamvu imene yatumiza ndi imene foni yanena kuti yalandira, ndipo kusiyana kukakula imasiya kutchaja n'kuyamba kuthwanima. Apa tchajayo siinawonongeke, ikukutetezani. Khadilo lichotseni ndithu, pakuti likhoza kuwonongeka.

Onaninso mutu wa tchaja umene mwalumikiza ku soketi. Kambale wamba kamapereka mawati 5, kothamanga kamafika 15 kapena kuposerapo, ndipo mutu wakale wofooka umachititsa kuti kutchaja kuziyamba n'kuduka. Kutentha kwa mu Okutobala nakonso kumasokoneza, moti iPhone ikatentha imatha kuima pa 80 peresenti mpaka itazizira.

Ngati foni yanu ndi ya Android ndipo mumadziwako za kompyuta, pali umboni wosakayikitsa. Kuchokera pa Android 4.2, foni imasiyanitsa magetsi olowera pa waya ndi olowera pa kambale, ndipo lamulo lakuti adb shell dumpsys battery, limene mumalemba pa kompyuta yolumikizidwa ndi foni, limaonetsa mzere wakuti Wireless powered, umene umakhala true pokhapokha kambale kakupereka mphamvu. Lumikizani foniyo ku kompyuta kudzera pa Wi-Fi, chifukwa mukalowetsa waya foni nthawi zambiri imasankha wayawo.

Zonsezi zikakanika, bwererani kusitoloko ndi foni yanu komanso mutu wanu, muyese pa kambale kena wogulitsa akuona. Foni ikatchaja pamenepo, pemphani kuti akusinthireni, ndipo funsani ngati ali ndi ka Qi2, muyezo wa 2023 umene uli ndi maginito okokera foni pamalo oyenera, ngakhale kuti maginitowo amathandiza pokhapokha foni kapena kava yake ili nawonso.